DZIMBIRI LOBISALA KUNSI KWA COFUNDA CA MAPAIPI

Munthu amene alowa koyamba pa malo osungunulira mkuwa, kaya ndi ku Mufulira, kaya ku Chingola, ku Chambishi, kapena ku Kansanshi kufupi ndi Solwezi, cinthu coyamba kumdabwitsa ndico kuculuka kwa mapaipi. Ena akwera m'mwamba, ena atsata makoma, ena aoloka pamwamba pa miseu, ndipo ambiri anyezimira padzuwa ngati mbale zatsopano. Mlendoyo amayesa kuti cimene cinyezimiraco ndiyo paipi, koma sikutero ai. Cimene aona ndi malata opyapyala cabe. Kunsi kwa malatawo kuli cofunda cocindikala, ndipo paipi yeniyeni iri mkati mwa cofundaco, momwe diso la munthu silifikamo, mwina kwa zaka 10, mwina 20.

Cofunda cimeneci amisiri amacicha lagging. Cina cimapangidwa ndi ubweya wocokera ku miyala yosungunulidwa, cina ndi ubweya wa magalasi, cina ndi zinthu zonga thobvu louma. Nchito yace njabwino ndithu. Cimasunga kutentha kwa nthunzi kuti malasha ndi magetsi zisaonongeke cabe, cimachinjiriza manja a anchito kuti asapse, ndipo pa mapaipi ozizira cimaletsa kutentha kwa panja kulowa. Mtengo wa mafuta utakwera koopsa m'caka ca 1973, eni mafakitale m'maiko ambiri anayamba kufunditsa ngakhale mapaipi otentha pang'ono, amene kale anali kusiyidwa pamtetete. Ndalama anapulumutsa zambiri. Koma zitapita zaka, pamene anayamba kubvundukula, anapeza kuti makolo sananame ponena kuti cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Malata anali kuwalabe, koma paipi inali itadyeka.

Mdani wace ndi madzi. Cofunda couma sicilakwira paipi konse. Koma malata akunja amalumikizidwa ndi zomangira, ndi phula lotsekera m'mipata, ndipo phulalo limauma ndi dzuwa nkung'ambika. Wina aponda pa paipi pofuna kufika pa valavu, malata napindika, pakhala kadzenje kosunga madzi. Fitala wina abvula cofunda kuti akonze polumikizira, ndipo pobwezera asiya kampata. Mvula ya November kufikira April ilowa pomwepo. Madzi otsukira pansi alowa pomwepo, ndi nkhungu yocokera ku nsanja zoziziritsira madzi nayonso. Pa mapaipi ozizira sipafunika ngakhale mvula, pakuti cinyezi ca mumpweya cimasanduka mame pa citsulo, monga momwe botolo lozizira limacitira thukuta kunja kwace.

Wina angafunse kuti, nanga paipi ya pamtetete siinyowanso ndi mvula? Inde imanyowa, koma imaumanso. Mlimi aliyense adziwa kuti khasu losiyidwa pabwalo ligwidwa dzimbiri pang'onopang'ono, koma khasu lokulungidwa m'ciguduli conyowa silicedwa kuonongeka. Cofunda conyowa ndico ciguduli cimeneco. Ndipo pali cina coipa koposa. Madzi akafika pa paipi yotentha amasanduka nthunzi. Nthunziyo ikagunda malata ozizira akunja isandukanso madzi, nabwerera ku paipi. Ulendo uliwonse madzi akaphwa amasiya mcere ndi litsiro zimene anadza nazo, monga mcere utsala m'mphika ndiwo zikaphwerera. Motero madzi a mvula, amene poyamba mcere wace sunali kumveka nkomwe pa lilime, pakupita kwa zaka amasanduka msuzi waukali wokhala pa citsulo usana ndi usiku.

Tsono zitsulo sizifanana pa kupirira msuzi umenewu. Ciriconse ciri ndi nthenda yaceyace, ndipo cina cimene cioneka camphamvu koposa ndico cimagwa mwacinsinsi koposa.

Coyamba ndi citsulo wamba, cimene amapangira mapaipi ambiri, mathanki ndi maboila. Ici nthenda yace ndi dzimbiri lofiira lija lodziwika ndi aliyense. Buku la malangizo la American Petroleum Institute lochedwa API 583, limene linaturuka koyamba m'caka ca 2014, linena kuti citsulo cimeneci ciri pa ngozi kuyambira madigiri 12 kunsi kwa ziro kufikira madigiri 175, ndi kuti poopsa penipeni ndi pakati pa madigiri 77 ndi 110, ndiko kuti kufupi ndi pamene madzi amawira. Ku migodi ya mkuwa, popeza dziko nlokwera, madzi amawira asanafike pa 100, ca m'ma 96. Cifukwa ca malire amenewa sicobvuta kucimva. Dzimbiri limafuna madzi ndi mpweya uja wa okosijeni, ndipo kutentha kumalifulumizitsa. Paipi ikazizira koposa madzi amaundana, dzimbiri niligona tulo. Ikatentha koposa madzi satha kukhalapo. Mu mphika wosabvundikira, madzi akapitirira madigiri 80 mpweyawo umathawamo, ndipo dzimbiri limacepa mphamvu. Koma kunsi kwa malata madzi ali m'ndende. Amakhala opyapyala pa citsulo, mpweya uwafikabe, ndipo dzimbiri limangokula pamodzi ndi kutentha.

Apa pali msampha umene wakola amisiri ambiri. Munthu ayang'ana pa pepala naona kuti paipi yakutiyakuti imayenda ndi nthunzi ya madigiri 300, nati palibe cothetsa nzeru, madzi sangakhalepo. Thupi la paipiyo lingakhaledi louma. Koma kanthambi kace kakang'ono kopita ku geji, kapena ku valavu yotsekedwa, m'mene nthunzi siyendamo, kamazizira kufika pa madigiri oopsa aja. Cimodzimodzi pa zitsulo zocirikiza paipi, zimene zimaboola cofunda nkuturukira kunja. Ndiponso makina akaima kuti akonzedwe, paipi yonse imazizira, ndipo akayambanso imatenthanso. Paipi yotere, yotentha lero mawa nkuzizira, ndiyo imadyeka msanga kuposa zonse. Pa malo oipa citsulo cikhoza kutha milimita imodzi pa caka, kapena kuposerapo. Tsono paipi wamba ya mainchesi 2 khoma lace silikwana mamilimita 4. Aliyense angawerenge yekha zaka zace.

Zimenezi si nthano. Ku Norway, kumpoto kwa mzinda wa Bergen, kuli malo akulu oyengera mafuta ochedwa Mongstad. M'caka ca 2012 paipi yaing'ono inaphulika kumeneko nkuturutsa nthunzi yoopsa, ndipo ofufuza a boma anapeza kuti inali itadyeka kunsi kwa cofunda. M'caka ca 2016 zinacitikanso mwa mtundu wina. Wanchito anapita kukagwira valavu pamene gasi anamveka pamalopo, koma kanthambi konyamula valavuyo kanali katatha ndi dzimbiri, ndipo kanathyoka pamodzi ndi valavu yomwe. Gasi wa haidrojeni, amene amayaka ndi kamoto kakang'ono, anaturuka munthuyo ali pomwepo. Mwai unalipo, gasiyo sanayake, ndipo panalibe womwalira. Izi zinacitika m'dziko lolemera, lokhala ndi mainjiniya ambiri ndi malamulo okhwima. Kampani ya ExxonMobil inaonetsa m'caka ca 2003 kuti pa ndalama zonse zokonzera mapaipi ace, magawo 40 kufikira 60 pa 100 anali kupita ku dzimbiri lobisala limeneli.

Komabe citsulo wamba ciri ndi ubwino umodzi: sicifa mwakacetecete. Dzimbiri limatupa kangapo kuposa citsulo cimene lacidya, cotero limakankha cofunda, malata natukumuka, ndipo madzi ofiira amadontha m'mipata. Munthu wa maso akhoza kuliona.

Caciwiri ndi citsulo cija cowala cimene anthu amacicha sitenilesi, ca masupuni, masinki ndi mathanki a mkaka. Mmodzi wa oyamba kucipanga anali Harry Brearley wa ku Sheffield m'caka ca 1913. Mphamvu yace iri mu kromiyamu, imene imapanga kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso pamwamba pa citsulo, ndipo kakhunguko kakakandika kamadzipoletsa kokha. Mtundu wofala, wa nambala 304, uli ndi magawo 18 pa 100 a kromiyamu ndi magawo 8 a nikelo. Wa nambala 316 amaonjezamo magawo 2 kapena 3 a molibdenamu. Popeza sicicita dzimbiri lofiira, ambiri amaganiza kuti cofunda conyowa sicingacicite kanthu. Kuganiza kotere kwatayitsa cuma cambiri.

Sitenilesi sidyeka monga citsulo wamba, imang'aluka. Kuti ing'aluke pafunika zinthu zitatu zikomane: mcere, makamaka gawo lace lija lochedwa kloraidi, kutentha kopitirira madigiri 60, ndi kukokeka kwa mkati mwa citsulo. Cacitatuci sicisowa, pakuti paliponse pamene paipi inaochereredwa kapena kupindidwa, citsulo cimatsala cokokeka ngati cingwe ca uta, ngakhale palibe katundu wociremera. Mcere nawo sufunika wambiri, popeza kuphwa kwa madzi kuja kumausonkhanitsa pamalo amodzi. Umacokera mu cofunda comwe ngati sicinayesedwe bwino, m'madzi otsukira, m'mapulasitiki ena, ngakhale mu inki ina yolembera pa citsulo. Zitatuzi zikakomana, ming'alu yaing'ono ngati tsitsi imayambira kunja, nilowa mkati, nicita nthambi ngati mizu ya udzu. Khoma la paipi silicepa konse. Woyesa akabwera ndi makina ace opimira kucindikala kwa citsulo, makinawo amuuza kuti paipi iri monga yatsopano, pamene mkati mwace iri ngati mtanda wodyedwa ndi ciswe. Kawirikawiri cizindikiro coyamba ndi kudontha. Ndipo kukonza nkobvuta, cifukwa woocherera akatseka mng'alu umodzi, moto wace umatsegula ina imene sanaione. Nthawi zambiri mankhwala ace ndi kudula cigawo conseco nkuikapo cina.

Pali cinthu cina codabwitsa pa nkhani ya nikelo. M'caka ca 1959 H. R. Copson, wa kampani ya International Nickel, anafalitsa zimene anapeza poyesa mawaya a zitsulo zosiyanasiyana m'madzi owira a mcere waukali. Anaona kuti citsulo cokhala ndi nikelo wocepa kwambiri sicing'aluka msanga, ndipo cokhala ndi nikelo wopitirira magawo 40 pa 100 cimapirira ndithu. Koma cofooka koposa ndi cija ca magawo 8 kufikira 10. Ndiye kuti sitenilesi yofala m'dziko lonse lapansi inagwera pa malo oipitsitsa enieni a muyeso umenewo. Ya 316 imapirira pang'ono kuposa ya 304, koma nayonso imang'aluka. Ncifukwa cace pa malo obvuta mainjiniya amasankha mtundu wina wochedwa duplex, umene unayamba kupangidwa ku Sweden ca m'ma 1930. Wofala wa mtunduwu uli ndi magawo 22 a kromiyamu ndi 5 a nikelo, ndipo suyamba kung'aluka kufikira ca m'madigiri 140. Zitsulo za nikelo wambiri zipambana zonsezi, koma mtengo wace ngwoti munthu sangazigule kuti adzaze nazo fakitale yonse.

Zinki ndi citsulo cimene anthu a ku Kabwe acidziwa bwino, popeza mgodi wao unali kucituruka pamodzi ndi mtobvu kufikira pamene unatsekedwa m'caka ca 1994. Ndiyo amapaka pa malata a denga ndi pa mawaya. Zinki imachinjiriza citsulo podzipereka yokha: imadyeka iyo kuti citsulo citsale. Pa denga la nyumba nchito imeneyi imayenda bwino zaka zambiri. Koma kunsi kwa cofunda conyowa ndi cotentha zinki imatha msanga, ndipo m'madzi ena, akapitirira madigiri 60, imatembenuka nkuleka kuchinjiriza, mwina nkufulumizitsa kudyeka kwa citsulo cimene inayenera kucisunga. Cotero paipi yopakidwa zinki siyenera kudaliridwa pamalo otere. Zinki irinso ndi udani wace ndi sitenilesi. Imasungunuka pa madigiri 420, ndipo pa nthawi ya moto waukulu, ikadonthera pa sitenilesi yofiira ndi moto, imalowa m'citsuloco nkucing'amba. Fakitale ya mankhwala ya ku Flixborough ku England itaphulika pa 1 June 1974, ndi kupha anthu 28, ofufuza anati coyambitsa ngoziyo cinali paipi ina yoikidwa mothamanga. Koma m'mabwinjamo anapezanso paipi ya sitenilesi yong'ambidwa ndi zinki yosungunuka. Cicokereni pamenepo amisiri amasamala kuti waya wopakidwa zinki asamangire cofunda pa sitenilesi yotentha.

Aluminiyamu yokha yasanduka bwenzi pa nkhondo imeneyi. Ku England kampani ya ICI inayamba kale, m'zaka za m'ma 1960, kukulunga mapaipi a sitenilesi ndi pepala la aluminiyamu, longa lija amakulungira nyama yoocha koma locindikala, isanaikepo cofunda. Pepalalo limachinga madzi, ndiponso limadyeka m'malo mwa paipi. Masiku ano palinso njira ya kusungunula waya wa aluminiyamu nkuwaza pa paipi ngati utoto, ndipo mainjiniya amayembekeza kuti cobvala cimeneci cikhale zaka zoposa 20. Nayo iri ndi zofooka zace. Siigwirizana ndi laimu kapena simenti yonyowa, imasungunuka pa madigiri 660, ndipo madzi okhala ndi mkuwa wosungunuka akaidonthera amaiboola timabowo. Comalizaci nca kukumbukira pa malo oyengera mkuwa.

Nanga mkuwa weniweniwo, umene anthu a kuno amatsikira pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku? Uwu ngwopirira. Umada, mwina nkubiriwira pamwamba, koma sudyeka mofulumira monga citsulo wamba, ndipo mcere ndi kutentha siziung'amba monga zicitira sitenilesi. Mdani wace ndi amoniya, mpweya uja wa pfungo loboola m'mphuno umene umamveka m'khola la ziweto. Nkhani yace njakale. Asilikali a Britain ku India anali kudabwa kuti makatiriji ao a zipolopolo, opangidwa ndi mkuwa wosanganiza ndi zinki, anali kung'aluka okha pa nyengo ya mvula. M'caka ca 1921 zinadziwika kuti colakwa cinali amoniya wocokera ku mkodzo wa akavalo, pakuti zipolopolozo zinali kusungidwa m'makola. Mapaipi a mkuwa a madzi ozizira nawonso apezeka atang'aluka kunsi kwa cofunda conyowa cokhala ndi amoniya. Ncifukwa cacenso m'mafakitale a mowa ndi m'nyumba zosungiramo nyama, momwe makina oziziritsa amayendera amoniya, mapaipi ace sakhala a mkuwa koma a citsulo wamba. Ndipo mapaipi amenewo, pa malo pamene madzi amaundana nkusungunukanso, amagwidwa dzimbiri lija la poyamba. Pamene mkuwa ukhudzana ndi citsulo wamba ponyowa, wolipira mlandu ndi citsulo, pakuti ndico cimadyeka.

Wina angati bvuto limeneli ndi la maiko a m'mbali mwa nyanja yamcere, kumene mphepo yomwe imanyamula mcere, ndipo Zambia ali kutali ndi nyanja. Zoona ziripo pang'ono, koma kuno kuli zacezace. Utsi wa sulufule, umene anthu a ku Mufulira anaupatsa dzina lakuti senta, ukakomana ndi cinyezi umasanduka asidi. Masiku ano utsi wambiri umagwidwa nkupangidwa asidi wogulitsa, koma m'nyumba zopangira asidiyo ndimo muli mapaipi ambiri ofunditsidwa, ndipo kadontho kocepa kolowa mu cofunda nkokwanira. Maboila ali ku Maamba kumene amapanga magetsi ndi malasha, ali ku Nakambala kumene amapanga shuga, ali m'zipatala ndi m'mahotela. Miyezi isanu ya mvula ikwanira kunyowetsa cofunda ciriconse cong'ambika, ndipo cofunda cikamwa madzi, ngakhale dzuwa la October silimaliza kuciumitsa.

Oyamba kuona zizindikiro kawirikawiri si mainjiniya a mu ofesi, koma anchito amene amayenda pansi pa mapaipiwo shifiti iriyonse. Malata opindika kapena otukumuka, phula long'ambika, comangira coduka, mzere wofiira wotsika pa malata, ndere zomera polumikizira, madzi odontha pamene mvula siinagwe: zonsezi nzoyenera kuuza kapitao, ndipo kapitao wanzeru amazilemba. Koma kubvundukula yekha cofunda ca paipi imene iri pa nchito ndi kusewera ndi moyo, pakuti nthawi zina dzimbiri lotupa lija ndilo lokha latsala kugwira nthunzi, ndipo likagwedezeka paipi iphulika. Palinso ngozi ina. Zofunda zambiri zakale zinali ndi asibesitosi, mwala wa ulusi wonga umene unali kukumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe. Pfumbi lace likalowa m'mapapo limadzetsa nthenda zosacizika, zimene zimaonekera patapita zaka 20 kapena 30. Cofunda cakale coyera ndi cofumbutuka siciyenera kung'ambidwa ndi munthu wosaphunzira nchitoyo, kapena wopanda cobvala ca kumphuno coyenera.

Oyesa mapaipi ali ndi zida zingapo zoonera popanda kubvula malata: kamera yoona kutentha, imene imasonyeza pamene cofunda canyowa, makina a X-ray onga a kucipatala, ndi makina a maginito opima citsulo wamba kupyola cofunda. Zonsezi zimathandiza kusankha pofunika kutsegula, koma sizilowa m'malo mwa kutsegulako. Pa citsulo wamba, akaimitsa makina nkubvundukula, amapala dzimbiri, napima khoma lotsala, ndipo ngati likwanira amapaka utoto wopirira kutentha ndi madzi asanabwezere cofunda catsopano. Pa sitenilesi njira njina. Amatsuka paipi, naipaka mankhwala ofiira olowerera, nadikira mphindi zingapo, napukuta, kenaka nawaza ufa woyera pamwamba pace. Paipi ikakhala yamoyo ufawo umakhala woyera. Ikakhala yong'aluka, timizere tofiira timayamba kuturuka pang'onopang'ono m'mbali mwa poocherera, tina tatifupi, tina ta nthambi, ndipo woyesayo amatenga coko nazunguliza malo onsewo kuti odula adziwe poyambira.